Osamalira okalamba pakhomo: ndi odula, koma ndayambanso kugona

Kuyambira chaka chatha timalipira kakampani kena ka kuno ku Lusaka kamene kamatumiza anthu osamalira okalamba pakhomo. Amayi anga ali ndi matenda oiwalaiwala. Adokotala ku chipatala cha Chainama anati ndi Alzheimer's, ndipo sanatibisire kuti mankhwala ochiziratu kulibe. Ndikulembera anzanga amene akulimbana nazo okha, monga ndinkachitira ine ku Chilenje, kugona kiyi wa geti nditamanga pansonga ya chitenje.

Mayi amene anatitumizira amaidziwa ntchito yake. Dzuwa likapendeka, amayi amayamba kulongedza zovala m'chikwama, ati akupita kwawo ku Katete, amayi awo akuwadikira. Ukawauza kuti agogo anatisiya kalekale, amalira ngati uthenga wa maliro wafika kumene. Wosamalirayu sawatsutsa. Amangoti, "Amama, basi yapita kale, tiyeni tiyambe tasadzula chibwabwa, tinyamuka mawa." Amakhala pamphasa awiriwiri, manja ali kalikiliki, za ulendo n'kuiwalika. Powasambitsa amawafunditsa chitenje kuti asachite manyazi, madzi amayamba wawayesa ndi chigongono. Magetsi akathima amayatsa nyale ya sola panjira ya kuchimbudzi. Ndiyenso anakhazika pansi aneba amene ankanong'ona za ufiti atawaona amayi panja mbandakucha, n'kuwafotokozera kuti awa ndi matenda a ubongo. Pa chimenechi chokha ndimamuthokoza ndi mtima wonse.

Vuto lili ku ofesi kwawo. Wosamalirayu akapita kopuma, a ku ofesiwo amatumiza wina aliyense osatidziwitsa. Munthu wodwala chonchi nkhope yachilendo imamuopsa: tsiku lina amayi anakuwa kuti m'nyumba mwalowa wakuba, nsima anaikana mpaka usiku. Ndadandaula, amapepesa bwino, koma sasintha.

Ndalama nazonso si zamasewera. Zimandidyera pafupifupi theka la malipiro, mathewera a akuluakulu ndi magolovesi timagula tokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pa maola onse osamalira odwala matendawa, 70 peresenti amagwira ndi akazi, ndipo kwathu n'chimodzimodzi: alongo anga a ku Kitwe amatumiza kangachepe pafoni, koma wosintha zofunda usiku ndinali ine ndekha.

Ngati mungakwanitse, alembeni, ngakhale mausiku awiri pasabata. Koma musanasaine auzeni kuti mukufuna anthu awiri okhazikika, ndipo onse ayambe abwera kudzazolowerana ndi wodwalayo inu mulipo.