Kamluzu ka injini mu amp: isolator, filter kapena kukonza earth?

Anzanga a ma sound, kamluzu kaja kamene kamalira m'ma tweeter ukaponda moto, kukwera ndi ma rev n'kutsika ukachotsa phazi, kamachokera ku alternator, imene imachaja batire injini ikulira. Pano pa Chipata ukafunsa wina akuti gula isolator, wina filter, wina akuti konza earth (waya wa negative womangidwa pa body ya motoka) chabe, koma zitatuzi sizigwira malo amodzi ai.

Musanagule kanthu zimitsani wailesi, zulani ma RCA (nthambo zotengera mawu kuchoka ku wailesi) ku amp, chokuzira mawu chija, kenako yatsaninso wailesi, lizani injini. Kuzimitsako musakudumphe, ma Pioneer ena ali ndi kafyuzi kakang'ono mkati kamene kamapsa mukazula RCA wailesi ili on, kakapsa phokoso ndiye limachita kunyanya. Mluzu ukatsala ma RCA atazulidwa, vuto lili ku amp konko. Ukatha ndiye kuti ukudzera mu RCA, kawirikawiri chifukwa earth ya wailesi ndi ya amp sizikugwirizana.

Isolator ndi yachangu, kabokosi ka ma transformer kolumikiza pakati pa RCA, simumasula mpando olo umodzi ndipo phokoso limathadi nthawi zambiri. Koma zotchipazi zimadya bass, manje munthu wataya ndalama pa subwoofer kenako kabokosi kakubela zimene unagulira, zimandiwawa. Ndipo vuto lenileni limakhala lilipobe. Pamene ndimaivomereza ndi pa AUX, foni ikamachajidwa m'motoka momwemo uku ikuyimba.

Filter imalowa pa waya wa 12V wopita ku wailesi, imathandiza ngati phokoso likulowera pamenepo basi. Ya earth yoipa siyingathe, ndipo musaiike pa chinthambo cha amp, singapirire.

Ine ndili ku earth. Ntchito ndi yambiri inde koma ndalama pang'ono, mawu osaonongeka. Waya wa earth ukhale waufupi, osapitirira 45 cm, wonenepa chimodzimodzi ndi wochokera ku batire. Palani penti ndi sandpaper mpaka chitsulo chiwale, mangani ndi bawuti yakeyake pa body, osati kungopachika pa bawuti ya mpando, mukatha pakani girisi pamwamba chifukwa mvula ikayamba dzimbiri silichedwa. Amene mumayenda misewu yafumbi ya ku Vubwi ndi ma taxi a ku Mwami muziyang'anako bawutiyo, kugwedezeka kumamasula. Pomwepo onaninso ma RCA, ambiri amawagoneka pamodzi ndi nthambo ya batire pansi pa kapeti chifukwa ndi chidule, asiyanitseni, nthambo idzere mbali ya batire RCA mbali inayo, zikakumana zidutsane mopingasa. Gain ya pa amp nayonso si volume, mukaitsegula mpaka kumapeto mukukuza mluzu womwewo.

Zonsezi zikakanika pitani kwa auto electrician apime alternator, injini ikulira batire izionetsa pakati pa 13.8 ndi 14.4V, ayesenso ma diode a mu alternator chifukwa imodzi ikafa palibe isolator kapena filter imene ingakuthandizeni.