Chikumbutso cha abusa Martin Luther King Jr. ku Marquette Park, ndakaonako

Amene muli ku Chicago kapena mukubwera kudzacheza, pezani ola limodzi mukafike pa kona ya 67th Street ndi Kedzie Avenue. Kulowa ndi ulele, palibe geti palibe tikiti, ungotsika basi walowa kale mu paki.

Ndinene zoona, nditafika ndinakhumudwa kaye pang'ono. Mmutu mwanga munali chimwala chachikulu ngati chikumbutso chawo chija cha ku Washington, koma apa ndi zipilala zitatu za njerwa basi, mlamu wanga amene anandiperekeza mpaka anandiseka kuti ndiye mwavalira jekete yatsopano zimenezi? Koma utayandikira ndi pomwe umaona ntchito yake. Njerwazo anazisema, nkhope za anthu oyenda pa chionetsero zikuchita kutuluka mkhoma, ine mpaka ndinagwira ndi dzanja kutsatira mizere ya njerwa ikudutsa pankhope.

Nkhani yake ndi ya nyumba. Mu 1966 a King, amene anali m'busa wa Baptist komanso womenyera ufulu wa anthu akuda, anasamukira mu fulati yakutha ku North Lawndale, dera lina la mu Chicago momwemo, kuti dziko lione mmene anthu akuda ankakhalira, lendi yokwera nyumba zake zosakonzedwa, ndipo ukafuna kugula kudera la azungu ma ejenti amangokuuza kuti yapita kale. Pa 5 Ogasiti chaka chomwecho anatsogolera chionetsero kuno, azungu okwiya anawagenda ndi miyala, mabotolo ndi njerwa, mwala wina unawapeza m'mutu mpaka anagwada bondo limodzi pansi. Ndiye taganizani, njerwa zonga zomwe ankagendera anthu ofuna nyumba ndi zimene amangira chikumbutsochi, apa ndiye anandigwira mtima. Lamulo loletsa tsankho pogulitsa kapena kubwereketsa nyumba linasainidwa pa 11 Epulo 1968, iwo ataphedwa kale sabata imodzi m'mbuyomo.

China chomwe sindinkadziwa, amene anatsogolera ntchito yomanga ndi bungwe la Asilamu la IMAN, osema ake Sonja Henderson ndi John Pitman Weber, anatsegulira mu 2016 patatha zaka 50 ndendende.

Mphindi 30 zikukwanirani. Werenganiko mbiriyi musananyamuke chifukwa ife sitinapeze munthu wofotokoza, ndipo musapite nthawi yozizira ngati ine, mphepo ya pamenepo inandiumitsa zala zithunzi zonse zinatuluka zogwedera. Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5.