Ulendo wa pa boti ku Cape Maclear, mu Okutobala ndi mu Julayi

Ku Paki ya Nyanja ya Malawi, ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, ndapitako kawiri: koyamba mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, kachiwiri mu Julayi mwera uli pachimake. Aliyense wofuna kuona nsomba za mbuna ndingamulangize kuti apirire kutentha, apite m'chilimwe.

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha nsomba zimenezi, zomwe zambiri sizipezeka kwina kulikonse. Pa ulendo wa mu Okutobala tinakwera boti m'mudzi wa Chembe kupita ku chilumba cha Thumbi nyanja ili bata. Woyendetsa anatibwereka magalasi oonera pansi pa madzi, ndipo nditangoviika nkhope ndinaona mbuna zabuluu, zachikasu ndi zamizeremizere zikudya ndere pa miyala, zina zikudutsa pafupi kwambiri ndi zala zanga mopanda mantha. Pobwerera iye analiza mluzu n'kuponya kansomba m'madzi, ndipo nkhwazi inachoka pa mtengo n'kukatola ndi zikhadabo tonse tikuona. Ndalama yomwe ndinalipira tsikulo sindinaidandaule ngakhale pang'ono.

Mu Julayi zinthu zinali zosiyana. Pofika masana mafunde anali atakula, boti likugwedezeka, madzi akuzizira moti sindinakhalitsemo. Chomwe chinandikhumudwitsa n'chakuti mwini boti wina yemwe tinayamba kukambirana naye analibe majekete oteteza kumira m'madzi okwanira anthu tonse, koma ankaumirirabe kuti tinyamuke. Tinakana n'kupeza wina, ndipo ndikupempha alendo kuti aziwerenga okha majeketewo asanalipire, makamaka nthawi ya mwera.

Komabe nyengo yozizira ndi yabwino kwa woyenda pansi. Ndinafika ku Otter Point, malo a miyala a m'mphepete mwa nyanja m'pakiyi, osatopa, anyani akundiyang'ana ali pa matanthwe, ndipo ndinaima kwa nthawi pa manda a amishonale a ku Scotland amene anatsegula mishoni ya Livingstonia pamalopa mu 1875, asanasamukire ku Bandawe mu 1881 malungo atawavutitsa. Madzulo ndinafunika juzi, koma udzudzu unali wochepa.

M'nyengo zonse ziwiri ndinapewa kusambira m'madzi osaya a pafupi ndi mudzi poopa likodzo, ndipo nditabwerera kunyumba ndinapita kuchipatala kukayezetsa.