Albion Online ndi Old School RuneScape: iti ikuchita bwino tikaiyesa ndi muyeso wa ku Chipata?

Anyamata a Free Fire ndi PUBG Mobile muno mu Chipata ali ndi muyeso umodzi wokha. Kwa iwo gemu ya anthu mamiliyoni ndiyo yapambana, ya anthu ochepa ndiye kuti yafa. Koma muyeso umenewu ndi wa eni makampani. Taonani gemu ya Concord ya Sony. Inatuluka pa 23 Ogasiti 2024 itadya ndalama zankhaninkhani, pofika pa 6 Seputembala maseva anatsekedwa ndipo ogula anabwezeredwa ndalama zawo. Inapangidwa kuti izikhala ndi moyo pokhapokha khamu litabwera, khamulo silinabwere.

Gemu yaing'ono timaifunsa zina. Ukalowa madzulo, umapeza anthu? Chaka chamawa idzakhalapo? Nanga imapirira netiweki ndi magetsi athu? Pa mafunso amenewa ndikufuna kuika pamodzi magemu awiri amene ochepa mwa ife timasewera.

Old School RuneScape ndi ya Jagex, kampani ya ku Cambridge ku England. Anaitulutsa mu 2013 kuchokera ku kope lakale la 2007, ndipo pafoni inafika mu 2018. Zithunzi zake ndi zachikalekale moti wokusuzumira m'basi ya ku Lundazi angaganize kuti ukusewera za ana. Albion Online ndi ya Sandbox Interactive ya ku Berlin. Inayamba mu 2017, inakhala yaulere mu 2019, pafoni inabwera mu 2021. Kukongola, Albion ndiye yaposa kutali, koma imafunanso foni yamphamvu ndi malo ambiri, ndipo foni yotchipa imatentha msanga.

Pa netiweki m'pamene ziwirizi zimasiyana kwambiri. Mu RuneScape chilichonse chimayenda mwa kagunda ka masekondi 0.6. Ukadina mtengo kuti udule kapena madzi kuti uwedze, kuchedwa pang'ono kwa intaneti sikukuvulaza, chifukwa gemuyo payokha sithamanga. Zilombo zikuluzikulu zakumapeto ndizo zimafuna chala chachangu, koma kuti ukafike kumeneko papita miyezi. Malo amene osewera anzako angakuphe n'kukulanda katundu, otchedwa Wilderness, umalowamo mwa kufuna kwako.

Albion ilibe chifundo chotero. M'madera ofiira ndi akuda, ukaphedwa, zonse zimene wavala ndi kunyamula zimatsala pansi kuti wokuphayo atole. Tangoganizani: mwasonkhanitsa zikopa kwa masiku, mwasenzetsa ng'ombe yanu, muli panjira yopita kumsika wa mumzinda wa Caerleon, basi malaiti athima, rauta zii. Pomwe mukulumikiza bandulo ya pafoni, mupeza munthu wanu wa m'gemu ali chilili mumzinda wopanda ngakhale nsapato. Amene anasewera mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima maola ambirimbiri, akudziwa zimene ndikunena. Apa RuneScape yapambana mosakayikitsa.

Pa ndalama ndimapereka mfundo kwa Albion. Wosalipira amayenda dziko lonse la gemuyo, kungoti wolipira umembala wotchedwa Premium amakwera msanga. Mu RuneScape wosalipira amatsekeredwa kunja kwa madera ambiri ndi maluso ambiri. Chabwino n'chakuti onse awiri amalola kugula umembala ndi ndalama za m'gemu momwemo. Mu RuneScape umagula chinthu chotchedwa bond pa Grand Exchange, msika wa m'gemumo, imakupatsa masiku 14 a umembala. Mu Albion siliva wako umamusintha kukhala Premium. Kwa munthu amene ndalama zake zili mu mobile money ndipo alibe khadi la kubanki, imeneyi si nkhani yaing'ono, ngakhale kupeza golide wokwanira bond yoyamba ndi thukuta lenileni.

Tsono nkhani ya anthu. Nsolo sufuna khamu, umangofuna wina akhale mbali inayo ya maenje. RuneScape ili choncho, mwinanso kuposa, poti zambiri ungachite wekha, anthu achepe kapena achuluke. Albion imadalira anthu pa chilichonse. Pafupifupi lupanga lililonse ndi chovala chilichonse pamsika chinapangidwa ndi wosewera wina, ndiye anthu akachepa msika umauma, nkhondo za magulu zimatha, gemu imasanduka bwinja. Kampaniyo inatsegula seva ya ku Asia mu 2023 ndi ya ku Europe mu 2024. Kwa ife ya ku Europe inali mwayi, chifukwa ili pafupi kuposa ya ku America, komanso nthawi yathu imafanana ndi ya ku Berlin m'miyezi yawo yotentha, m'miyezi yozizira timangosiyana ola limodzi. Ukalowa 20 hours utadya nsima, iwonso ali pakati pa masewera. Koma kugawa osewera patatu kuli ndi mtengo wake, ndipo munthu amene wamupanga pa seva imodzi sakaoneka pa inzake.

Chimene chimandikopa kwambiri ku RuneScape ndi mavoti. Zinthu zatsopano zambiri sizilowa m'gemu osewera asanavote, ndipo zimafuna 70 peresenti ya ovomera (poyamba inali 75). Izi zimachedwetsa zinthu, nthawi zina anthu amakana chinthu chabwino chifukwa cha liuma chabe. Komabe osewera amene amafunsidwa maganizo sathawa msanga, ndipo gemu ya zithunzi za 2007 yadutsa zaka khumi ikukulabe. Ku Albion eni ake amamvera madandaulo koma amagamula okha. Mphamvu ya osewera okhulupirika tinaionanso pa City of Heroes, imene NCSoft inatseka mu 2012, okonda gemuyo n'kuidzutsa pa maseva awoawo, mpaka mu 2024 kampaniyo inapereka chilolezo kwa gulu la Homecoming kuti lipitirize mwalamulo. Gemu imeneyo, eni ake anaitseka, osewera anakana.

Ndiye kwa mnzanga wa ku Mchini kapena ku Nabvutika amene amasewera yekha pafoni ndi bandulo ya pasabata, ine ndimati yambani ndi RuneScape, muone mbali yaulere ngati mtima ukugwirani. Albion ndimaisiyira amene ali kagulu, anthu anayi kapena asanu odziwana, okhala ndi Wi-Fi ndi pawabanki kapena sola yosunga rauta. Amenewo adzasangalala kuposa wa RuneScape, poti kulanda gulu lina katundu muli ndi anzanu kumakoma zedi. Mugwirizane kaye za seva ya ku Europe wina aliyense asanapange munthu wake, ndipo katundu wodula musamanyamule madzulo amene mukudziwa kuti dera lanu lili pa ndandanda yozimitsidwa magetsi.