Ulendo wotsata mbiri ya Hamengkubuwono IX ku Yogyakarta: za ufumu zakwana, za unduna zaperewera

Kampani ina yaing'ono yoyendetsa alendo mumzinda wa Yogyakarta, pachilumba cha Java m'dziko la Indonesia, imakonza ulendo wa tsiku limodzi wotsata moyo wa Sultan Hamengkubuwono IX, amene anali mfumu ya derali komanso nduna m'boma la Indonesia. Ine ndinalipira ulendowu pofuna kumva makamaka za ntchito yake ya unduna, ndipo ndinabwerako wokhutira mbali imodzi yokha.

Tinayambira kunyumba yachifumu yotchedwa Kraton, kumene amasunga katundu wake, kuphatikizapo tebulo limene ankagwirirapo ntchito ndi yunifolomu yake ya Sikauti. Wotiperekeza, bambo wachikulire wolankhula mosathamanga, analongosola bwino kuti mfumuyi inabadwa mu 1912, inakaphunzira ku Leiden m'dziko la Netherlands, inalongedwa ufumu mu 1940, ndipo pa 5 Seputembala 1945 inalengeza kuti dera lake lili m'dziko latsopano la Indonesia. Chaka chotsatira boma la Indonesia linasamutsira likulu lake ku Yogyakarta.

Pamene ndalama yanga inagwira ntchito ndi pa ngalande ya Selokan Mataram, yomwe imachokera mumtsinje wa Progo kukathira mu Opak. Titaima pamphepete, madzi amatope akuyenda kulowera m'minda ya mpunga, bamboyo anatiuza kuti pa nthawi ya ulamuliro wa Japan mfumuyo inakakamira zokumba ngalandeyi kuti anthu ake akhale ndi ntchito kwawo, asatengedwe kukagwira thangata kutali, kumene ambiri sankabwerako. Nkhani imeneyi imamveka mwamtundu wina ukaimva uli pamalo penipenipo.

Koma za unduna anangozilambalala. Munthu amene anali nduna ya zachitetezo mu 1949, amene mu 1966 anapatsidwa udindo woyang'anira zachuma mitengo ya zinthu itakwera ndi maperesenti opitirira 600, komanso amene anali wachiwiri kwa Pulezidenti Suharto kuyambira 1973 mpaka 1978, anakambidwa m'ziganizo ziwiri basi. Nditafunsa chifukwa chimene mfumuyo inakanira kupitiriza udindowo, bamboyo anamwetulira n'kutiloza kugalimoto. M'malo mwake tinatha ola lathunthu m'sitolo ya nsalu za batik imene sinali pa ndondomeko.

Chifukwa cha ola limenelo tinafika mochedwa ku Imogiri, kumene mfumuyi inaikidwa itamwalira ku Washington mu 1988, moti masitepe opitirira 400 okwera kumanda tinawakwera mwaliwiro, miyendo ikunjenjemera, woyendetsa galimoto akutiimbira foni kuti titsike.