Makina oyezera BP pakhomo: ndi abwino, koma lamba wake ngovuta

Ndi makina aja ovala lamba kumtunda kwa chigongono, oyendera mabatire anayi, okhala ndi batani limodzi lalikulu. Ndinawagulira amayi anga, omwe amamwa mankhwala a BP otchedwa amlodipine ndi HCTZ. BP yawo ikayezedwa kuchipatala imakhala bwinobwino, koma m'mawa akadzuka ankagwira khoma n'kumati, "Maso achita mdima."

Kuchipatala nthawi zambiri amayeza munthu ali chikhalire, pamene chizungulire chimabwera akaimirira. Apa ndi pamene makinawa agwira ntchito. Timawagoneka amayi mphindi 5 n'kuyeza, kenako aimirire, tiyezenso pakatha mphindi imodzi komanso pakatha mphindi 3. Madokotala amati pa manambala awiri a BP, ya pamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena ya pansi ikatsika ndi 10, ndiye kuti magazi sakufika mokwanira kumutu munthu akaima. Ya amayi inkatsikadi chonchi, makamaka m'mamawa ndi masiku otentha. Ndinalemba manambalawo m'kope n'kupita nawo kwa dokotala, ndipo ndi iye anasintha mankhwala, osati ine. Musawasiyitse achikulire mankhwala chifukwa cha zimene makina aonetsa, sitiroko siseweretsa.

Kugwa kwa munthu wamkulu si nkhani yaing'ono. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amafa chifukwa chogwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewu, ena sayendanso ngati kale. Ndiye HCTZ ija imakodzetsa, munthu n'kudzuka mofulumira usiku mumdima, tulo tili m'maso.

Manambala a pa makinawa ndi aakulu, amayi amawerenga opanda magalasi. Amasunganso zoyeza zam'mbuyo, koma sasonyeza kuti iyi anali chigonere, iyi chiimire, n'chifukwa chake kope likufunikabe.

Chondinyansa ndi lamba. Wobwera m'bokosi ndi wa mkono wa masentimita 22 mpaka 32, ndipo ukamuthina munthu nambala imakwera monama. Yezani mkono ndi tepi musanagule. Komanso wachikulire sangaumange yekha ndi dzanja limodzi, zomatira zake zimagwira malaya. Poyeza chiimire, mkono ukangonjenjemera pang'ono makina amalemba Error, kutanthauza kuti alephera kuyeza, ndipo mukamayambiranso mphindi yofunika ija yadutsa kale. Ine ndimawamanga lambayo akadali chigonere, ndimaima pambali pawo n'kuwagwirira chigongono molingana ndi mtima, mpando uli kumbuyo kwawo.

Ngati kholo lanu limakhala lokha, makinawa adzangokuthandizani pa kuyeza kokhala pansi. Kuyeza koimirira kumafuna munthu wachiwiri, ndipo m'kabuku ka m'bokosi sindinaonemo zimenezi.