Penti ya Bolodi Kapena Pepala Lomata Kukhitchini

Pokonzanso khitchini, amene akufuna malo olembapo ndi choko angasankhe penti ya bolodi kapena pepala lakuda lomata. Penti imafuna khoma losalala bwino, chifukwa pokhakhala paliponse choko chimadumphadumpha. Imapakidwa kawiri kapena katatu, ndipo pamafunika kudikira masiku pafupifupi 3 musanalembepo. Ikauma, mumapaka choko mochigoneka pamalo ponsepo n'kupukuta, kuti mawu oyamba asasiye zizindikiro zosafufutika.

Pepala lomata limagwira ntchito tsiku lomwelo ndipo silivuta kuchotsa, koma nthunzi ya m'mapoto imafewetsa guluu wake mpaka m'mphepete mumayamba kupindika. Ine ndimasankha penti, malinga ikhale kutali ndi pophikira, popeza fumbi la choko limagwera m'chakudya.